Webusayiti ya miseche yomwe inafa chifukwa cha nkhani yoona: Gawker, Hulk Hogan ndi bilionea wobisala

Amene tinakula tikuonera wrestling m'ma video show timamudziwa Hulk Hogan ngati chimunthu cha masharubu achikasu chija, mpango kumutu, chong'amba malaya chikakwera pa ring. Koma ku America kuli anthu ena, makamaka atolankhani, omwe akamva dzina limeneli saganiza za ring, amakumbukira khothi la mumzinda wa St. Petersburg ku Florida mu Malichi 2016, pomwe anthu wamba 6 anagamula kuti webusayiti ya miseche yotchedwa Gawker imupatse madola 115 miliyoni, patapita masiku atatu nkuonjezeranso ena 25 miliyoni. Pofika Ogasiti chaka chomwecho Gawker inali itatsekedwa.

Chomwe chimandizunguza mutu pa nkhaniyi nchakuti palibe ananena kuti Gawker yanama. Vidiyo inali yeniyeni, munthu anali mmenemo anali Hogan yemweyo, iye mwini sanakane. Ambirife tikamva zoti nyuzi yasumiridwa timangothamangira kuganiza kuti yalemba bodza, yaipitsa mbiri ya munthu. Apa ayi. Ndipo amene anaigwetsa kwenikweni sanapondeko nkomwe m'khothi muja, dzina lake linadziwika mlandu utatha kale.

Mwini wake wa Gawker anali Nick Denton, mzungu waku Britain, wophunzira ku Oxford, yemwe anagwirapo utolankhani ku Financial Times. Anayamba mu 2002 ali ku New York, poyamba ndi kabulogu ka zipangizo zamakono kotchedwa Gizmodo, kenako kumapeto kwa chaka chomwecho Gawker yeniyeniyo, mkonzi woyamba ali Elizabeth Spiers. Mfundo ya Denton inali yosavuta kumva: nkhani zomwe atolankhani amauzana ku bala akaweruka zimakhala zokoma komanso zoona kuposa zomwe amalemba m'nyuzi mawa lake, ndiye bwanji osangolemba za ku balazo. Poyamba miseche yake inali ya anthu a m'manyuzi ndi m'magazini a ku New York konko, kuti mkonzi uje wachotsedwa ntchito chifukwa chani, bwana uje akuyenda ndi ndani, kenako inafalikira kwa ma celeb, andale ndi anthu a ndalama. Olemba ake anali achinyamata, olusa pakamwa, ndipo kalelo ankalipidwa madola 12 pa nkhani imodzi. Patsogolo panabwera bonasi yotengera kuchuluka kwa anthu omwe atsegula nkhani yako, ndipo mu ofesi munali chisikirini chachikulu pakhoma choonetsa nkhani zomwe zikuwerengedwa kwambiri nthawi yomweyo. Tangoganizani mnyamata wa zaka 25 akuyang'ana chisikirini chimenecho tsiku lonse, dzina lake lili pansi, la mnzake lili pamwamba. Mukuganiza kuti mawa alemba zotani?

Kampaniyo inakula nkubereka ana ambiri, Deadspin ya zamasewero, Jezebel ya nkhani za amayi, Kotaku ya magemu, Jalopnik ya magalimoto, Lifehacker, komanso Valleywag yomwe ntchito yake inali kujeda mabwana a makampani a ku Silicon Valley. Dzina lomalizali lisungeni.

Kukangana ndi anthu otchuka kunayamba kalekale. Mu 2006 anakhazikitsa mapu otchedwa Gawker Stalker, oti ukamuona celeb akudya pa lesitilanti ina ku Manhattan umatumiza uthenga ndipo iwo amaika pamapu pomwe ali. George Clooney anakwiya mpaka kulimbikitsa anzake kuti azitumiza mauthenga abodza ambirimbiri kuti mapuwo asokonekere. Mu 2008 anaika vidiyo ya Tom Cruise akuyankhula za chipembedzo chake cha Scientology, a chipembedzowo anatumiza makalata a maloya, Gawker inakana kuichotsa. Mu 2009 anaika vidiyo ya m'nyumba ya Eric Dane ndi mkazi wake Rebecca Gayheart ali osavala, awiriwo anasuma, nkhani inathera kunja kwa khothi. Mu 2010 wogwira ntchito wina wa Apple anaiwala iPhone 4 m'bala ku Redwood City foniyo isanatuluke pamsika, Gizmodo inaigula pa madola 5,000 kwa amene anaitola, nkuimasula nkuonetsa dziko lonse. Steve Jobs anaimba yekha foni kuitanitsa katundu wake, ndipo apolisi anakathyola chitseko kunyumba kwa mkonzi Jason Chen nkutenga makompyuta, ngakhale pamapeto sanamuzenge mlandu. Chaka chomwecho kampani yosindikiza mabuku ya HarperCollins inawasumira chifukwa choika masamba a buku la Sarah Palin lisanatuluke, jaji nkulamula kuti achotse. Mu 2014 Quentin Tarantino nayenso anasuma chifukwa cha linki yolozera ku sikiripiti ya filimu yake yomwe inali isanajambulidwe, kenako anausiya yekha mlanduwo.

Onsewa anabwera nkupita, Gawker ili chilili. Ndipo apa mpomwe panayambira matenda, chifukwa ukazolowera kuti kalata ya loya ndi pepala chabe umayamba kuiona ngati mendulo. Iwo makalata oterowo ankawaika pa webusayiti kuti owerenga aseke nawo.

Koma tisawanamizire kuti anali a miseche basi. Mu Febuluwale 2011 anatulutsa chithunzi chomwe phungu wa ku Congress (nyumba ya malamulo ya ku America) Chris Lee, bambo wapabanja, anatumizira mayi wina pa intaneti ali chifuwa pamtunda, ndipo tsiku lomwelo, patangopita maola ochepa, phunguyo anatula pansi udindo. Mu 2013 Deadspin inaulula kuti chibwenzi cha wosewera mpira waku America Manti Te'o, chomwe dziko lonse linalira kuti chamwalira ndi khansa, sichinakhaleko nkomwe, pomwe ma TV akuluakulu onse anali atameza nkhaniyo osafufuza. Chaka chomwecho John Cook wa Gawker anapita ku Toronto nkukaona ndi maso ake vidiyo ya meya Rob Ford akusuta mankhwala ozunguza bongo otchedwa crack, meyayo anakana kwa miyezi mpaka anadzavomera mu Novembala. Kumayambiriro kwa 2014, ambiri adakamuona wanthabwala wa pa TV Bill Cosby ngati bambo wachitsanzo, Gawker inalemba kukumbutsa anthu kuti pali amayi ambiri omwe anamudandaulapo kale. Manja omwewo omwe ankaponya matope ndi omwenso ankafukula zomwe enawo ankaopa. Nchifukwa chake mpaka pano atolankhani aku America sagwirizana ngati alire maliro a Gawker kapena avine.

Tsopano nkhani ya Hogan. Dzina lake lenileni ndi Terry Bollea. Anali ndi mnzake wapondaapanepondepo, muulutsi wa pawailesi ku Tampa yemwe anasintha dzina lake mwalamulo kukhala Bubba the Love Sponge Clem, inde dzina limenelo. Nthawi yomwe banja la Hogan linkagwedezeka, Bubba anamulola kuti agone ndi mkazi wake, m'nyumba mwa Bubba momwemo, ndipo kuchipindako kunali kamera. Hogan wakhala akunena kuti sankadziwa zoti akujambulidwa. Patadutsa zaka, mu 2012, mphekesera za vidiyoyi zinayamba kumveka pa webusayiti ina ya miseche ya ma celeb yotchedwa TMZ, kenako DVD inafika ku ofesi ya Gawker popanda dzina la wotumiza. Mkonzi panthawiyo anali A.J. Daulerio, yemwe anali atatchuka kale ku Deadspin chifukwa chogula zithunzi zamanyazi zomwe ankati ndi za wosewera mpira Brett Favre. Pa 4 Okutobala 2012 anadula vidiyo ya mphindi pafupifupi 30 ija nkutsala mphindi imodzi ndi masekondi 41, mmenemo zogonana zenizeni zinali za masekondi osapitirira 10, nkuiika pamodzi ndi nkhani yaitali yofotokoza monyoza zonse zomwe anaona.

Hogan anasuma kufuna madola 100 miliyoni. Bubba naye anasumiridwa koma anagwirizana msanga, analipira madola 5,000 okha nkupepesa pawailesi, ndipo munthu yemwe poyamba ankauza omvera ake kuti Hogan ankadziwa za kamera anatembenuka nkumati sankadziwa.

Apa ndifotokoze pang'ono za malamulo chifukwa mpomwe pagona nkhani. Ku America kupambana mlandu woipitsa mbiri ngati ndiwe munthu wotchuka nkovuta zedi. Kuyambira pa chigamulo cha khothi lalikulu cha 1964 pa mlandu wa New York Times ndi Sullivan, sikokwanira kuonetsa kuti nyuzi inalakwitsa, uyenera kuonetsa kuti inkadziwa kuti ndi bodza kapena sinasamale nkomwe ngati ndi zoona. Ndipo ngati nkhaniyo ndi yoona ndiye basi, mlandu palibe. Maloya a Hogan sanadutse njira imeneyo. Iwo anasumira kulowerera moyo wachinsinsi wa munthu, kuulutsa zakuchipinda, kugwiritsa ntchito nkhope ndi dzina lake popanga ndalama, komanso kumuzunza m'maganizo. Pa milandu yotereyi kunena kuti "koma ndi zoona" sikukupulumutsa, chifukwa wodandaulayo akudandaula zoonazo. Chishango chokhacho chomwe nyuzi imatsala nacho nkuonetsa kuti nkhaniyo ndi yoti anthu ali ndi chifukwa choidziwira, ndipo ikatero imatetezedwa ndi First Amendment, gawo la malamulo aakulu a dzikolo loteteza ufulu woyankhula ndi wa atolankhani.

Gawker inkati Hogan yekha ndi amene anasandutsa zakuchipinda kwake kukhala nkhani ya dziko, analemba za izo m'mabuku, anabetcha nazo pamawailesi, ngakhale za vidiyo yomweyi anakaikamba pa pulogalamu ya pawailesi ya Howard Stern. Ndipo majaji oyamba anagwirizana nawo. Jaji wa khothi la federal (la boma lalikulu la dziko lonse) James Whittemore anakana kupereka chiletso cha vidiyoyo mu Novembala 2012. Maloya a Hogan ataona kuti kumeneko mphepo siikuomba bwino anausamutsira mlandu ku khothi la boma la Florida m'dera la Pinellas, kwawo kwa Hogan, komwe jaji Pamela Campbell mu Epulo 2013 analamula kuti zonse zichotsedwe. Gawker inachotsa vidiyo koma nkhani yolembayo inakana, nkulemba poyera kuti sitichotsa. Khothi la apilo mu Januwale 2014 linati jaji Campbell analakwitsa, chiletso chija nkuchichotsa. Ndiye Denton ndi anyamata ake anali ndi chifukwa chodzidalira, ankadziwa kuti ngakhale atagonja pamaso pa jury (gulu la anthu wamba ogamula mlandu) ya kwa Hogan, ku apilo akawina.

Pakati apa panachitika zinthu ziwiri m'mwezi umodzi, Julaye 2015, zomwe zinadetsa mbali zonse ziwiri. Gawker inatulutsa nkhani ya bwana wina wa kampani ya magazini ya Condé Nast, munthu wapabanja yemwe sanali celeb kapena wandale, kuti ankakonza zokumana ndi mwamuna wina woyendayenda, ndipo zinkaonekeratu kuti woyendayendayo anabweretsa nkhaniyo chifukwa bwanayo anakana kumuthandiza pa vuto lake lina. Anthu ananyansidwa, ngakhale omwe ankaikonda Gawker. Mawa lake mabwana a kampani anavota nkuichotsa, akonzi awiri akuluakulu Tommy Craggs ndi Max Read anasiya ntchito ponena kuti a zamalonda alowerera ntchito ya akonzi, Denton nkulonjeza kuti Gawker yatsopano ikhala yaulemu ndi 20 peresenti. Patangopita sabata, nyuzi zina za miseche, National Enquirer ndi Radar Online, zinatulutsa mawu omwe Hogan anayankhula pa tepi ina ya kuchipinda komweko, akutukwana anthu akuda ndi liwu loipitsitsa lija podandaula za chibwenzi cha mwana wake wamkazi. Kampani ya wrestling ya WWE inamuchotsa pa 24 Julaye nkufufuta dzina lake pa webusayiti yawo. A Gawker kuyambira pamenepo ankati mwaona, chomwe mkuluyu ankaopa si umaliseche wake, ankaopa kuti mawu awa adzamveka.

Mlandu unayamba mu Malichi 2016 ndipo unatenga milungu iwiri. Hogan anabwera atavala zakuda zokhazokha, mpango wakuda kumutu, jaji anamulola. Loya wa Gawker atamufunsa za zomwe anabetchapo pawailesi zokhudza kukula kwa umuna wake, iye anayankha modekha kuti amene ankayankhula pamenepo ndi Hulk Hogan, munthu wa pa siteji yemwe amakokomeza chilichonse, koma amene ali mu vidiyo ndi Terry Bollea, munthu wamba yemwe sanavomerepo kuti dziko limuone. Poyamba zimamveka ngati nthabwala eti. Koma mukaganiza bwino mfundoyo ili ndi mano, kodi munthu akamaseka za kuchipinda kwake pagulu ndiye kuti wapereka chilolezo choti umuike kamera? Jury inati ayi.

Chomwe chinawamaliza a Gawker ndi pakamwa pawo pomwe. Anaonetsa m'khothi vidiyo ya mafunso omwe Daulerio anafunsidwa atalumbira mlandu usanayambe. Loya anamufunsa ngati pali vidiyo yogonana ya munthu wotchuka yomwe iye angaone kuti si nkhani. Iye anati ngati ali mwana. Loya anati mwana wosakwana zaka zingati. Iye anati zinayi. M'khothi anayesa kufotokoza kuti ankangoyankha mwachipongwe chifukwa funsolo linamutopetsa, koma mawu unanena utalumbira sabwezedwa, ndipo jury ija, amayi anayi ndi abambo awiri, inali itamva kale. Anawerenganso mauthenga omwe ogwira ntchito ankatumizirana mu ofesi akuseka thupi la Hogan. Chipongwe chomwe chinkawabweretsera owerenga ku New York chinamveka mwina chikuwerengedwa mokweza m'khothi la ku Florida.

Mbali inayi, Bubba, munthu yemwe akanatha kunena ngati Hogan ankadziwa za kamera, sanaperekere umboni, anagwiritsa ntchito ufulu wake wokhala chete poopa kudzikola yekha popeza anali atanenapo zinthu ziwiri zosemphana. Zikalata za FBI (apolisi ofufuza a boma la America) zokhudza matepi a Hogan zomwe Gawker inkafuna kuonetsa jaji sanazilole kuti jury izione. Pa 18 Malichi chigamulo chinatuluka, madola 55 miliyoni pa chuma chomwe anataya, 60 miliyoni chipukuta misozi cha kuzunzika m'maganizo. Pa 21 Malichi anaonjezera za chilango, 15 miliyoni kwa kampani, 10 miliyoni kwa Denton payekha, 100,000 kwa Daulerio. Zonse pamodzi kupitirira pang'ono 140 miliyoni, kuposa zomwe Hogan mwini anapempha.

Akatswiri ambiri a malamulo ankati ku apilo ndalamazi zidulidwa kwambiri kapena chigamulo chonse chigwa. Vuto nlakuti apilo si yaulere. Kuti wopambana asayambe kulanda katundu wako pomwe ukudikira apilo uyenera kuika chikole kukhothi, ndipo ku Florida chikolecho chimatha kufika madola 50 miliyoni. Gawker, kampani yomwe inkapeza ndalama zosakwana pamenepo pachaka chonse mu 2014, inalibe. Inali itagulitsa kale gawo la kampani mu Januwale 2016 kuti ipeze zolipira maloya.

Nanga inshulansi? Apa mpomwe Denton anayambira kununkhiza kuti pali china chake. Pa milandu yomwe Hogan anasuma panali umodzi, wozunza munthu m'maganizo mosasamala, womwe ukanakakamiza kampani ya inshulansi ya Gawker kulipira maloya komanso gawo la chipukuta misozi. Loya wa Hogan, Charles Harder waku Los Angeles, anauchotsa yekha mlandu umenewo. Ganizirani bwino. Munthu wofuna ndalama amakondwa inshulansi ikakhalapo, chifukwa kumeneko nkomwe kuli thumba lalikulu. Wochotsa inshulansi dala safuna ndalama, akufuna kuti ulipire kuchokera m'thumba mwako mpaka ugwe. Onjezerani kuti Hogan, yemwe chuma chake chinali chitaphwa pa mlandu wothetsa banja, ankakana zokambirana kunja kwa khothi ndipo ankakwanitsa maloya odula kwa zaka zinayi, komanso kuti Harder yemweyo anayamba kutulukira ndi anthu ena osumira Gawker pa nkhani zosagwirizana nkomwe. Denton atanena poyera kuti akukayikira kuti pali mpondamatiki kumbuyo, ena ankamuona ngati munthu wogonja yemwe wayamba kuona mizukwa.

Pa 24 Meyi 2016 magazini ya Forbes inatchula dzina, Peter Thiel. Mmodzi mwa omwe anayambitsa kampani yotumizira ndalama pa intaneti ya PayPal, munthu woyamba wakunja kuika ndalama mu Facebook, madola 500,000 mu 2004, ndipo panthawiyo anali mu bodi ya Facebook. Mawa lake anavomera yekha kwa mtolankhani Andrew Ross Sorkin wa New York Times kuti waononga pafupifupi madola 10 miliyoni, nati si kubwezera kwenikweni koma kupereka phunziro, ndipo anati ndi imodzi mwa ntchito zachifundo zazikulu zomwe anachitapo.

Chidani chake chinachokera ku Valleywag ija. Mu Disembala 2007 mlembi Owen Thomas analemba nkhani yomwe mutu wake unkanena mosabisa kuti Thiel ndi gay. Thomas, yemwe nayenso ndi gay monganso Denton, wakhala akunena kuti sanaulule chinsinsi chilichonse chifukwa anzake a Thiel ankadziwa kale, ndipo cholinga chinali kudzudzula Silicon Valley yomwe inkachita ngati nkhaniyo ndi yochititsa manyazi. Thiel sanazione choncho. Mu 2009 anayerekeza Valleywag ndi Al Qaeda. Koma pa nkhani yakeyo sakanasuma, inali yoona, ndipo kusuma kukanangoikulitsa. Mu 2011 mnyamata wina waku Australia wophunzira zamalamulo, Aron D'Souza, anakumana naye ku Berlin nkumupatsa pulani: musasume inu, pezani anthu ena omwe ali ndi milandu yolimba, muwalipirire maloya mwachinsinsi. Vidiyo ya Hogan itatuluka chaka chotsatira anangoti ndi imeneyi. Kuchokera pa nkhani ya Valleywag kufika pa chigamulo panadutsa zaka zoposa 8, munthu akungodikira phee. Chodabwitsa china, Thiel yemweyo anaperekapo ndalama ku bungwe loteteza atolankhani la Committee to Protect Journalists.

Kodi zimenezi nzololedwa? Inde. Kale m'malamulo a ku England kulipirira mlandu wa munthu wina womwe sukukukhudza unali mlandu pawokha, koma madera ambiri a ku America anazisiya, ndipo lero kuli makampani omwe bizinesi yawo ndi yomweyo, kuika ndalama pa mlandu wa wina kuti akawina agawane. Mabungwe omenyera ufulu nawonso amalipirira milandu ya anthu osauka tsiku ndi tsiku. Omuikira kumbuyo Thiel amati anangothandiza munthu wolakwiridwa kuti apeze chilungamo, popeza ngakhale miliyoneya ngati Hogan sakanatha kulimbana ndi kampani ya nyuzi payekha. Ine mfundo imeneyo ndimaimva theka. Vidiyo ija sinkayenera kuikidwa, nkhani akanatha kuilemba popanda kuonetsa thupi la munthu, ndipo mayi yemwe anali mmenemo palibe anamufunsa. Koma wolipirira mlandu kuti agawane phindu amafuna mlandu uthe, ndalama zituluke. Thiel sankafuna phindu, ndiye panalibe mtengo womwe Gawker ikanapereka kuti nkhani ithe, ndipo akanagonja apa akanangopeza wosuma wina, kenako wina, mpaka maloya okha atamaliza thumba la kampani. Jury yomwe inkaona ngati ikuweruza pakati pa munthu mmodzi wovulala ndi kampani yamwano yaku New York sinkadziwa kuti mbali yamphamvu kwambiri m'chipindamo ndi iti. Njira imeneyo ilibe chochita ndi kulakwa kwa nyuzi, ingagwire ntchito chimodzimodzi pa nyuzi yomwe yaulula katangale wa munthu wa ndalama.

Zotsatira zinayenda mwachangu. Pa 10 Juni 2016 Gawker Media inalengeza kukhothi kuti yagwa siingathe kubweza ngongole, pa 1 Ogasiti Denton nayenso payekha. Pa okushoni kampani ya TV ya Univision inagula mawebusayiti onse pa madola 135 miliyoni, koma Gawker.com yeniyeniyo inaikana, palibe ankafuna dzina limenelo. Pa 22 Ogasiti inatulutsa nkhani yomaliza. Mu Novembala anagwirizana kuti Hogan alandire madola 31 miliyoni ndipo apilo isiyidwe, choncho funso loti kodi vidiyoyo inali yotetezedwa ndi malamulo silinayankhidwe ndi khothi lapamwamba mpaka lero. Pa mgwirizano womwewo Shiva Ayyadurai, yemwe amati ndiye anayambitsa imelo ndipo Gizmodo inamutsutsa, analandira madola 750,000, mtolankhani Ashley Terrill 500,000, onse makasitomala a Harder, ndipo nkhani zitatu zinafufutidwa pa intaneti. Denton analemba kuti kuchotsa nkhani zoona ndi gawo lomwe linamuwawa kwambiri.

Harder dzina lake linakwera. Anaimira Melania Trump pa mlandu wake ndi Daily Mail, womwe unatha mu 2017 nyuziyo itapepesa nkulipira, kenako anadzakhala loya wa Donald Trump mwini. Thiel, mu Julaye 2016 momwemo Gawker ikupuma komaliza, anaima pa msonkhano waukulu wa chipani cha Republican nkuuza dziko lonse kuti amanyadira kukhala gay. Kumayambiriro kwa 2018 anayesanso kugula Gawker.com pamodzi ndi nkhani zake zonse zakale, anthu nkuchita mantha kuti akufuna kuzifufuta, mpaka bungwe la Freedom of the Press Foundation linathamangira kusunga makope, kenako iye anadzichotsa pa mpikisanowo. Anagula ndi Bryan Goldberg wa Bustle pa madola 1.35 miliyoni basi. Anayesa kuidzutsa mu 2019 zinakanika isanayambe nkomwe, anaitsegula mu Julaye 2021 pansi pa mkonzi Leah Finnegan, yaulemu pang'ono, yopanda mano akale aja, nkuitsekanso mu Febuluwale 2023. Ana ake aja nawonso anayenda m'manja ambiri, Univision inawagulitsa mu 2019, ndipo chaka chomwecho olemba onse a Deadspin anasiya ntchito pamodzi eni atsopano atawalamula kuti azilemba zamasewero zokha.

Hogan WWE inamubwezera mu Hall of Fame yawo, mndandanda wa akatswiri olemekezeka, mu 2018. Anamwalira ku Clearwater pa 24 Julaye 2025 ali ndi zaka 71, ndendende zaka 10 kuchokera tsiku lomwe anachotsedwa ntchito lija. Daulerio, yemwe chigamulo chinamuika pa ngongole ya mamiliyoni oposa 100 pamodzi ndi abwana ake, maloya a Hogan atapita kukatseka akaunti yake ya kubanki mu 2016 anapezamo madola pafupifupi 1,500. Anasiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo pano amalemba kalata ya pa imelo yotchedwa The Small Bow, ya anthu omwe akulimbana ndi kusiya zomwezo.